Musataye mbale za galamafoni za agogo

Kwathu kuno ku Mangochi munthu akapuma pa ntchito amagula boti la injini ndi maukonde, kapena amamanga nyumba za lendi. Ine ndinapuma pa uphunzitsi ndili ndi magalamafoni asanu ndi awiri, oimba anayi okha, ndi mbale zakuda zodzaza mashelefu atatu. Anzanga amandiseka kuti ndalama zanga zinathera ku zitsulo za dzimbiri. Mayi a kunyumba kwanga chipinda chimene ndimasungamo zinthuzi amachitcha kumanda kwa oimba. Sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa pafupifupi onse amene mawu awo ali pa mbalezi anatisiya kalekale. Koma ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno mudakali mbale zotere, ndipo chaka chilichonse zina zikusweka popanda wodziwa kuti chatayika n'chiyani.

Achinyamata ambiri sanaionepo galamafoni, ngakhale amaitchula tsiku ndi tsiku osadziwa. Woimba akatulutsa nyimbo zatsopano timati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo zili pa foni. Dzinali linachokera ku mbale zakuda zozungulira zija, zimene makolo athu ankaziona ngati mbale zodyera. Galamafoni yakeyo ndi bokosi lokhala ngati sutikesi yaing'ono. Siifuna magetsi kapena batire. Umalowetsa chopukusira m'mbali, n'kupukusa mpaka sipuling'i ya m'kati italimba. Sipuling'iyo ikamamasuka imazunguza mbale maulendo 78 pa mphindi imodzi. Singano yachitsulo imayenda m'kanjira kopyapyala kamene kanazokotedwa pa mbaleyo, n'kumanjenjemera. Kunjenjemerako kumagwedeza kachitsulo kopepuka ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mawu amakula podutsa m'lipenga lobisika m'bokosimo. Palibe chokwezera mawu. Ukafuna mawu aakulu umaika singano yonenepa, ukafuna apansipansi umaika yowonda, kapena umatseka pakamwa pa lipenga ndi kansalu.

Ine matendawa ndinawatenga kwa malume anga. Anabwera kuchokera ku Joni mu 1961, ine ndili ndi zaka 8, boma lino likutchedwabe Fort Johnston. Anatsika lole ndi njinga yatsopano, thiranki yachitsulo ndi bokosi lakuda limene sanalole munthu wina kulinyamula. Madzulo ake mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Atatsegula bokosilo tinaona chithunzi cha galu atatchera khutu ku lipenga, chizindikiro cha kampani ya His Master's Voice. Nyimbo itayamba, ife ana tinazungulira kumbuyo kukasuzumira, kufuna kuona tianthu timene tinkaimba m'katimo. Agogo anga aakazi anasuntha mphasa yawo n'kukakhala patali.

M'thirankimo munali mbale zokulungidwa m'bulangeti. Munali kwela ya Spokes Mashiyane, nyimbo za Manhattan Brothers ndi Dorothy Masuka, Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, ndi mzungu wina wa ku America, Jimmie Rodgers, amene mawu ake otsetsereka ankaseketsa amayi. Ntchito yanga inali yopukusa. Ndikachita ulesi nyimbo inkayamba kulefuka, woimba n'kumamveka ngati waledzera, anthu n'kundikuwiza.

Panali mbale imodzi yosiyana ndi zinzake. Inali ya m'Chinyanja, mwamuna mmodzi ndi banjo, akudandaula za kumudzi. Malume ankaiika pomalizira, anthu ovina atatopa, ndipo ikamaimba sankayankhula. Tsiku lina masana, akulu ali kunyanja, ndinaitulutsa kuti ndikaonetse anzanga. Tikulandirizana inapulumuka, n'kugwera pa mwala wa pakhonde. Inasweka patatu. Ndinayembekezera chikwapu, koma malume atafika anangotola zidutswazo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga," anatero, "munthu uyu ndi amene ankandiyankhula chiyankhulo cha kwathu m'komponi. Lero wamutseka pakamwa."

Sanandimenye, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Madzi akatayika saoleka. Pa nthawiyo ndinali ndisanadziwe bwino kuwerenga, choncho dzina la woimbayo sindinalisunge. Chimene ndinasunga ndi kaimbidwe kake. Nditayamba kulandira malipiro a uphunzitsi ndinayamba kufunafuna mbale imeneyo, ndipo pofunafuna imodzi ndi mmene ndinapezera zonsezi.

Wina angafunse kuti magalamafoni anachuluka bwanji m'midzi ya asodzi yopanda magetsi. Yankho lake ndi ulendo. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela, dzina limene mpaka lero likadali pa malo okwerera mabasi ku Blantyre. Ena ankapita ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi kapena paokha wapansi, kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ena analowera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Munthu pobwerera ankayenera kuonetsa kuti sanapite pachabe, ndipo umboni wake unali njinga, suti, makina osokera ndi galamafoni. Amene sanabwerere tinkawatcha matchona. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege yonyamula anthu athu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, boma n'kuletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Pofika nthawi imeneyo galamafoni inali itagonja kale. Wailesi yotsika mtengo ya Saucepan Special inayamba kufala mu 1949, tikumvera Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka. Mu 1964 tinakhala ndi MBC yathuyathu. Kenaka kunabwera gumbagumba ya mabatire, pambuyo pake kaseti. Bokosi lopukusa linakwezedwa kudenga n'kuiwalika.

Makinawa anawatulukira ndi Emile Berliner ku America mu 1887, patapita zaka 10 Thomas Edison atapanga makina ake oyamba ojambula mawu. Mbale zake sizinali za pulasitiki. Ankazipanga ndi shellac, utomoni umene tizilombo tina ting'onoting'ono timasiya pa nthambi za mitengo ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo ankausakaniza ndi ufa wa miyala. N'chifukwa chake mbalezi zimalemera komanso zimasweka ngati phale. Mbali imodzi ya mbale wamba imatenga mphindi zitatu zokha, motero woimba ankayenera kunena zake mwachidule. Ku America kampani ya Columbia inatulutsa mbale zazikulu za pulasitiki mu 1948, ndipo RCA Victor inatulutsa zing'onozing'ono za 45 mu 1949. Koma ku South Africa anapitiriza kudinda mbale za 78 mpaka m'zaka za m'ma 1960, chifukwa ogula ake anali anthu ngati malume anga, okhala m'makomponi ndi m'midzi mopanda magetsi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. M'masiku a Nyasaland kunalibe fakitale yodinda mbale m'dziko muno. Woimba wathu kuti mawu ake alowe pa mbale ankayenera kupita kunja, kapena kudikira ojambula ochokera kunja. Makampani ngati Gallo ndi Troubadour anali ku Johannesburg. Hugh Tracey anayendera dziko lino ndi makina ake mu 1950 ndi 1958, n'kujambula nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao ndi mitundu ina. Zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda, South Africa. A Paseli Brothers a ku Zomba, amene anaimba za Napolo wa mu 1946, ndi a m'badwo womwewo wa oimba athu oyamba kumveka pa mbale. Choncho mawu a makolo athu anapita kunja monga anapitira eni ake, ndipo amene anabwerera kumudzi anabwera m'mathiranki a anthu a kumigodi. Mbale ikasweka m'mudzi wa ku Nankumba kapena ku Katuli, n'kutheka kuti inali yokhayo yotsala m'Malawi muno.

Ndayenda kwambiri pa njinga yakapalasa, masiku a tchuthi cha sukulu. Ndafika ku Malindi, ku Namwera, ku Makanjira, ku Monkey Bay ndi ku Chembe. Zimene ndinaona zina n'zoseketsa, zina n'zomvetsa chisoni. Ndinapeza mbale ikuvundikira mtsuko wa madzi. Ndinapeza ana akuikunkhuniza pamsewu ngati gudumu. Pakhomo pena bokosi la galamafoni linali chisa cha nkhuku yoikira mazira, sipuling'i yake atasula mipeni. Mbale zambiri zimene ndinatola n'zotuwa, zongolira mwaphokoso ngati mvula pa malata. Chifukwa chake ndimachidziwa, poti nafenso tinkachita zomwezo. Singano yachitsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi ya mbale, kenaka itayidwe. Zinkagulitsidwa m'tizitini tokongola m'masitolo a amwenye paboma, koma ndani akanataya chitsulo chogula ndi ndalama? Tinkazinola pa mwala n'kuzibwezera, osadziwa kuti singano yonoledwa imapala nyimbo ngati khasu.

Ulendo umene sindiuiwala ndi wa m'mudzi wina kupitirira Malindi, njira ya ku Makanjira. Mwana wa sukulu anandiuza kuti agogo ake aakazi ali ndi bokosi loimba la malemu amuna awo. Ndinapita ndi shuga ndi sopo, ndalama zili m'thumba. Gogoyo anandilandira pamphasa, n'kumva zonse zimene ndinabwerera.

"Aphunzitsi," anatero, "mwayenda mtunda wautali, koma bokosilo silogulitsa. Bambo a ana anga analisenza pamutu kuchokera pa Fort Johnston mpaka pano. Ndikagulitsa ndikawauza chiyani?"

"Anganga, nanga likuimba?"

"Linasiya kale, mwana wanga woyamba asanakwatiwe."

Ndinapempha kuti ndingoliona. Sipuling'i inali yosaduka, koma girizi anali atauma ngati phula. Ndinabwerera Loweruka lotsatira ndi palafini, mafuta a makina osokera ndi singano zatsopano. Ndinagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ana atandizinga. Nditapukusa n'kuika mbale yoyamba, kwela inalira pakhomopo. Gogoyo sanavine kapena kulira. Anangotchula maina a anthu amene ankavina nyimboyo pabwalo lomwelo, mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lililonse ankawonjezera kuti anapita. Atamaliza anaitana adzukulu ake n'kuwauza kuti, "Agogo anu ankavina chonchi," n'kugwedeza phewa limodzi.

Ndinabwerera wopanda bokosi, ndipo sindinadandaule. Patapita zaka ziwiri mdzukulu uja anafika kwathu ndi mtolo pa njinga. Gogoyo anali atamwalira, ndipo anasiya mawu akuti bokosi ndi mbale zake zipite kwa aphunzitsi aja, chifukwa pakhomopo palibe angazisamale. Mwa magalamafoni anga onse imeneyi ndi imene ndimaiimbitsa alendo akabwera. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti wotolera zinthu zakale asamathamangire kutulutsa ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaphunziranso kufunsa mbiri ya chinthu ndisanachinyamule. Tsopano mbale iliyonse ili ndi tsamba lake m'kope: mudzi umene ndinaipeza, amene anabwera nayo, kumene ankagwira ntchito, ndi chaka chimene anabwerera ngati abale akuchikumbuka. Popanda zimenezi mbale imangokhala nyimbo. Ndi zimenezi imakhala mbiri ya banja.

Kwa inu amene muli nazo mbalezi m'nyumba, nawa malangizo amene ndinawaphunzira mwa kuwononga. Mdani woyamba kuno kunyanja ndi kutentha. Mbale yosiyidwa pafupi ndi malata mwezi wa October, kapena yotsamira khoma mopendekeka, imapindika. Ziimikeni chilili, zothithikana bwino, m'chipinda chozizirirapo, ndipo musazisanjikize mulu wautali chifukwa zapansi zimang'aluka. Mdani wachiwiri ndi chinyezi cha dzinja, chimene chimabweretsa nkhungu, pamodzi ndi chiswe ndi mphemvu zimene zimadya mapepala ake. Pepala lapakati lija ndi lofunika kwambiri, poti ndi pamene pali dzina la woimba ndi nambala ya mbale. Potsuka musayerekeze kugwiritsa ntchito sipiriti kapena kachasu, chifukwa shellac amasungunuka ndi mowa. Kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi madzi oyera n'kokwanira, osanyowetsa pepalalo, kenaka muumitse pamthunzi. Musaike mbale za pulasitiki za 45 kapena 33 pa galamafoni yopukusa, singano yake imazilima ulendo umodzi wokha. Ndipo ngati simunaphunzire, musatsegule chigubu cha sipuling'i. Chitsulo chimenecho chikafwamphuka chimadula zala. Chipsera chili padzanja langa lamanzere ndi umboni.

Chenjeraninso ndi magalamafoni onyezimira a lipenga lalikulu lamkuwa amene amaoneka m'masitolo a zokongoletsa m'nyumba. Ambiri mwa iwo ndi opangidwa posachedwapa ku India ndi zitsulo zotolatola, n'kumatapo chithunzi cha galu uja. Amakongola pa tebulo koma amawononga mbale. Amene makolo athu ankabwera nawo anali mabokosi wamba onyamula m'manja, akuda kapena ofiirira.

Sindinganame kuti sindinagulitsepo. Chaka china mayi a kunyumba anadwala kwambiri, ndipo kunafunika ndalama za mayendedwe ndi mankhwala. Mlendo wina wochokera kunja, amene anamva za ine ku malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, anabwera n'kusankha mbale 12, zambiri za oimba a kuno ndi a ku Rhodesia. Anadziwa bwino zimene ankasankha. Ndalama anandipatsa zabwino, mayiwo anachira, ndipo nditati ndibwerere pa tsiku limenelo ndingachitenso chimodzimodzi. Koma mbalezo zinawoloka nyanja zazikulu, ndipo palibe mwana wa ku Mangochi adzazimvenso. Sindinali nditazijambula n'komwe. Kuyambira pamenepo mdzukulu wanga amandithandiza: ndikaika singano yatsopano, iye amaika foni patsogolo pa lipenga, n'kusunga nyimboyo pamodzi ndi chithunzi cha pepala lake. Mawu ake sakhala angwiro, koma aliko. Zimathandizanso kuti mbale zosowa ndisamaziimbitse kawirikawiri, poti kuimba kulikonse kumadyako pang'ono.

Tsopano ndakalamba, maso ayamba kuchita chifunga, ndipo njinga ndinaisiya. Ana anga aamuna awiri ali ku Joni, monga achinyamata ambiri a boma lino. Njira ndi yomwe ija ya malume, kungoti iwo amatumiza mafoni, ma TV ndi masipika aakulu. Ndikawafunsa za chipinda chija amaseka mwaulemu n'kunena kuti, "Bambo, tidzaona." Mawu amenewo ndimawadziwa tanthauzo lake. Ndikadzatseka maso, mashelefu atatu aja angathe kudzathera pa mtsuko wa madzi ndi pamsewu, kumene ndinawatola.

Pano paboma tili ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Tili ndi mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu August 1914. Tili ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndiponso nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum. Zonsezi n'zofunika. Khumbo langa ndi lakuti pambali pa mbiri ya sitima ndi nkhondo pakhalenso kangodya ka mbiri ya amuna amene anapita ku migodi ndi akazi amene anawadikira, ndipo m'kangodyako mukhale galamafoni yoimba, osati yongoyang'ana. Ndine wokonzeka kupereka zanga ndi makope anga onse kumalo otere, kapena ku National Archives ku Zomba, ngati pangapezeke wachinyamata woti ndimuphunzitse kukonza makinawa manja anga asanayambe kunjenjemera. Mawailesi a m'dera lino, monga Dzimwe, angathandizenso poulutsa nyimbozi kuti achikulire atiuze oimba amene mapepala awo anadyedwa ndi mphemvu.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi laling'ono. Mukapita kumudzi, funsani agogo ngati thiranki ya ku Joni ikadalipo. Mukapezamo mbale zakuda zolemera, musapatse ana kuti aseweretse, ndipo musafulumire kugulitsa kwa wodutsa. Lembani zimene zalembedwa pa pepala lapakati, funsani amene anabwera nazo, ndipo muziimike pamthunzi. Ngakhale yong'aluka musataye, chifukwa dzina la woimba likadali pomwepo.

Mbale ya malume ija sindinaipezebe. Papita zaka zoposa 60, ndipo mbale iliyonse ya m'Chinyanja imene ndaigwira ndimaiika pa galamafoni mtima ukugunda. Banjo ikangoyamba ndimadziwa kuti si imeneyo. Koma kaimbidwe kake ndikukakumbukabe bwinobwino, ndipo ngati kwinakwake ku Mpondasi, ku Makawa kapena ku Lungwena kuli thiranki imene sinatsegulidwe, ndikupempha mwini wake anditumizire uthenga kudzera kwa a Mkonzi. Singano zatsopano ndikadali nazo kachitini kamodzi.